Chipolopolo Chotopa cha ku Zilikutali

Amene sanafikeko ku Zilikutali asadandaule, palibe chimene anaphonya. Likulu la ufumuwo ndi mapiri awiri oyang'anizana, pakati pake chigwa. Pa phiri lalikulu, lotchedwa Musandiyandikire, pali nyumba ya mfumu ya khonde lalitali. Pa kaphiri ka tsidya linalo, ka Dikirani, pali kampu ya asilikali. M'chigwamo ndimo munali msika wa Tilipakati, dzina losafuna womasulira.

Mfumu ya masiku amenewo inali Mkangowagona Wachiwiri, munthu woopa chilichonse kupatula chakudya. Pa mantha akewo sindimunena, anali nacho chifukwa. Amalume ake, Mkangowagona Woyamba, anafera pa khonde lomwelo pa chikondwerero cha tsiku lawo lobadwa, asilikali akuwomba mfuti zaulemu kuchokera ku Dikirani. Komiti yofufuza inakhala pansi, inadya, inamwa, ndipo inapeza kuti chipolopolocho chinasochera chokha. Mkangowagona Wachiwiri atalowa ufumu sanafune kumva zambiri. Anatolera mfuti zonse zazitali n'kukaziponya m'dziwe, kenaka analamula kuti chida chilichonse cholira chisadzapondenso pa phiri la Musandiyandikire.

Kuyambira pamenepo asilikali ankaguba ndi mipini ya makasu. Anyani ndiwo anayamba kuzindikira. Ankalowa m'munda wa mfumu masanasana, kukhala pa chulu n'kumadya chimanga akuonerera perete. Mkulu wa asilikali, Jenerale Gwedemula, akamadutsa pamenepo ankangoyang'ana kumbali.

Kuyang'ana kumbali asilikaliwo anali atakuzolowera kale. Pafupifupi onse anakwatira ana a amayi a mumsika, chifukwa msilikali wa mpini wa khasu ndani wina akanamupatsa mwana? Jenerale mwiniyo anali mkamwini wa mayi Nachisale, ogulitsa miphika ya dothi. Tsono ku Zilikutali mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso. Akawaonera patali amapatuka, ndipo akalephera kupatuka amagwada n'kuyang'ana pansi mpaka iwo adutse. N'chifukwa chake gulu lonse la nkhondo linkapita kokamwa mowa kudzera njira ya kuseri kwa manda, kuopa kudutsa mumsika.

Chaka china Jenerale anaima pa bwalo la nduna n'kunena mosabisa kuti anyamata ake akung'ung'udza. Anati ngakhale ana a sukulu ayamba kuwafunsa kuti akukalima kwa yani. Mfumu inasowa mtendere. Mfuti inkaziopa, koma msilikali wong'ung'udza inkamuopanso, chifukwa mpini wa khasu nawo ukafika pamutu sufunsa kuti mutuwo ndi wa yani.

Apa m'pamene anaimirira a Kanyambita, Nduna ya Zida ndi Zophulika. Unduna wawo unali utakhala zaka wopanda chida ngakhale chophulika, ndiye ntchito yawo inali yoyenda m'maiko akunja kukaona mmene zida za anzawo zikuphulikira. Anali atangofika kumene, akunyezimira ngati nsapato zawo. Anati vuto la mfumu ndi vuto la Jenerale onse alipezera mankhwala amodzi. Popeza lamulo silinkalola mfuti paphiripo, anafotokoza atanyamula ambulera.

Anati dzina lake ndi kabaini. Thupi lake ndi la mfuti yaikulu, mpope wotalikirapo ndi thako loika paphewa, koma chakudya chake ndi chipolopolo cha pisito, kamfuti ka m'chiuno kaja. Ndiye kuti bwana wa pisito ndi msilikali wa kabaini azidyera mbale imodzi, ngakhale kabokosi koikamo zipolopolo atha kumabwerekana. Anati siimenya phewa ngati mfuti zakale zija zimene zinkagwetsa mwini wake chagada, moti ngakhale msilikali wochira kumene malungo atha kuigwira. Pisito imanjenjemera m'manja, koma iyi imatsamira paphewa, tsaya n'kugona pa iyo, diso n'kuyang'ana m'kagalasi ka pamwamba kamene kamakoka zinthu zakutali kuti zibwere pamphuno. Anaika ambulerayo paphewa, natsinzina diso limodzi, nduna zonse zimene zinali kutsogolo kwake n'kuwerama.

Anapitiriza kuti ndi yaifupi, imalowa pakhomo osagunda mphuthu, imakwera galimoto osapempha mpando wakewake. Ntchito zake n'zosawerengeka. Nyani wa pa chulu uja aiwale chimanga, wakuba nkhuku asinthe ntchito, ndipo Loweruka asilikali azipikisana kulasa mabotolo m'malo mowakhuthula. Pomaliza anati kulira kwake n'kwaulemu, sikudzutsa munthu wamkulu amene wagona masana. Pa mawu amenewa mfumu inatsegula diso. Nduna zitaona kuti diso latseguka zinawomba m'manja, ndipo Nduna ya Zachipembedzo inati mfuti yotere ndi yankho la mapemphero.

Bwalo litabalalika mfumu inawaitanira a Kanyambita pambali. Inali ndi funso limodzi lokha.

"Imafika pati?"

"Wawa, ubwino wake waukulu ndi umenewo," anayankha a Kanyambita monong'ona. "Chipolopolo chake n'chamwana, mpweya wake ndi wochepa. Chikachoka ku Dikirani chimathamanga ndithu, koma chikafika pakati chimatopa n'kukhala pansi. Pakhonde pano sichingafike ngakhale mutachita kuchituma."

Atatsika phiri anapeza Jenerale akuwadikira pa geti ndi funso lomwelo. A Kanyambita anamugwira paphewa n'kumuuza kuti ndi mfuti imeneyo munthu atha kuthyola ndudu pakamwa pa mnzake ali tsidya lina la chigwa. Zoona zake n'zakuti kumene imafika iwo sankakudziwa. Tsiku limene eni mfutiyo ankaionetsa kunjako, iwo anali m'sitolo akuyeza nsapato zija. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma masiku amenewo kumwamba kunali kopanda ngakhale kamtambo.

Makabaini anabwera, asilikali anataya mipini. Anakhoma matabwa oti azilasa kumapeto kwa kampu, kuyang'ana ku chigwa, n'kuyamba kuphunzira. Zimene ananena a Kanyambita zambiri zinali zoona, ndiwapatse ulemu wawo. Mfutiyo inali yofatsa paphewa, inkamvera diso, ndipo anyani anasamuka sabata yomweyo. Kungoti mfumu inafunsa ngati chipolopolo chimatopa, koma sinafunse kuti chikatopa chimakhala pansi pati. Chilichonse chophonya thabwa chinkadumpha nsungwi zimene zimabisa chigwa n'kukapumira mumsika wa Tilipakati.

Choyamba chinaboola khutu la mbuzi. China chinalowa m'dzungu, china m'thumba la nyemba, china chinachotsa chipewa cha telala iye akusoka. Anthu a mumsika si anthu othamangira kulira. Mfutiyo anaipatsa dzina loti Msangatopa, ndipo wina akamva kaphokoso pamalata ankangouza mnzake kuti asendere uko, boma likufuna kukhala. Ana aakazi anakauza amuna awo ku kampu. Amunawo anamva chisoni, koma anati iwo amangoona matabwa, za kuseri kwa nsungwi sazidziwa. Kuwombera apongozi osawaona si mwano, ndi ntchito.

Miphika itayamba kubooka, mayi Nachisale anatsogolera amayi anzawo ku ofesi ya nduna. Mayi ameneyu anali wamfupi, wamawu ochepa, wa maso amene akakuyang'ana umayamba kukumbukira zolakwa zako zonse. Anaika mphika wobooka pa tebulo. A Kanyambita anauzunguza, nasuzumira pa bowolo, naseka.

"Mayi, musadzivute. Chipolopolo chotopa sichipweteka munthu. Chimangogogoda."

Mawa lake wailesi ya ufumu inalengeza lamulo latsopano. Chipolopolo chotopa chinali katundu wa boma, ndipo aliyense amene chamufikira pamalo pake, m'katundu wake kapena m'thupi mwake ayenera kuchibweza chisanazizire. Wochisunga adzayankha mlandu wobisa mlendo wa mfumu. Mayi Nachisale atamva anangogwedeza mutu. Miphika yobookayo anayamba kuigulitsa kwa ocheza chidulo, akumati imeneyi yabooledwa ndi boma, ndiye ndi yovomerezeka.

Tsopano ndikuuzeni za mwambo umene a Kanyambita anauiwala. Ku Zilikutali kuli mwambo wa Kalawe. Monga mmene mwini mowa amayambira kumwa chikho choyamba kuti alendo adziwe kuti mulibe kanthu, aliyense wobweretsa chinthu chatsopano kwa mfumu amayenera kuchilawa yekha pamaso pa anthu. Wobweretsa mlatho amayamba ndiye kuwoloka. Nduna imene inabweretsa mankhwala ophera anankafumbwe inanyambitako, ndipo mpaka lero imayankhula ndi manja. Nduna zinzake zinaphunzirapo kanthu. Ichi ndicho chifukwa chake ufumuwo uli ndi magalimoto ambiri ndi matiresi ofewa, koma m'zipatala mulibe jakisoni.

Mfumu itanena kuti nthawi ya Kalawe yakwana, a Kanyambita sanatekeseke. Anagwada nati ndi okonzeka, apita okha ku Dikirani akawombe pamaso pa onse. Pa zinthu zina Mkangowagona anali wogona ndithu, koma zikakhudza khungu lake ankaganiza mofulumira kuposa loya.

"Mwini mowa salawa nkhuni zimene anaphikira," inatero mfumu. "Amalawa chimene chikalowe m'mimba mwa mlendo. Ine mfuti imeneyi sindidzaigwira kumatako. Ngati idzandipeze, idzandipeza ndi kukamwa kwake, ndili pa mpando uwu. Ndiye inu mudzakhale pa mpandowu, asilikali adzawombe ali kwawo. Munati sichifika, nanga mukutuluka thukuta chifukwa chiyani?"

Pofuna kuti asilikali asachite ulesi, mfumu inawonjeza kuti amene adzalase mpandowo adzakwezedwa, ndipo unduna wa Zida ukadzakhala wopanda mwini udzapita kwa Jenerale. Nayenso Jenerale anali ndi chake kukhosi. Anali atayesa zothyola ndudu zija pamaso pa anyamata ake, ndudu itakhomedwa pa mtengo tsidya la dambo, ndipo nduduyo inapsa yokha mpaka kutha iye akuwombabe. Atamvanso zimene nduna inauza mfumu, anazindikira kuti wapusitsidwa. Anasonkhanitsa akatswiri ake n'kuwaphunzitsa kuti mwana wotopa msanga umamunyamula, ndiye mpope aziukweza m'mwamba pang'ono tsiku lililonse aone pamene chipolopolo chingafike.

A Kanyambita anasiya kudya. Ndinena mosabisa, anachita mantha ngati munthu wina aliyense. Anafunsa a mu ofesi yawo kuti kabaini imafika pati kwenikweni, koma onse anawabwezera mawu awo omwe, ena a kwa mfumu, ena a kwa Jenerale. Potsiriza anakumbukira kuti pali anthu amene nkhaniyi amailandira pamutu tsiku ndi tsiku. Anavula tayi, nabwereka chipewa cha wolima maluwa, natsikira ku Tilipakati.

Msikawo sanaupeze pamene anausiya. M'chigwa munangotsala mapesi a nzimbe ndi agalu. Ogulitsa onse anali atakwera m'munsi mwa phiri la mfumu, mabenchi atatsamira pamtunda, tomato akumugwira ndi miyala kuti asagubuduke. Mayi Nachisale anawazindikira asanafike n'komwe, chifukwa wolima maluwa savala nsapato zotero. Anawapatsa moni waulemu, nawalozera mwala woti akhalepo.

A Kanyambita anazungulirazungulira, za mvula, za mitengo ya zinthu, kenaka anafunsa ngati alendo aja akufikabe.

"Akufika, bwana nduna. Akhalanso ndi mphamvu masiku ano. Poyamba ankatopera kwa a mbuzi kumunsi uko. Kenaka anayamba kufika kwa a tomato. Ife tikasendera kumtunda, iwo mawa lake atitsatira. Dzulo wina wagogoda pa chitsa icho."

Chitsacho chinali kumtunda kwa pamene anakhala. A Kanyambita anachiyang'ana, nakweza maso kutsata njira mpaka pa geti, kuchoka pa geti mpaka pa khonde. Mtunda wotsalawo unali woti munthu wonyamula mtolo wa nkhuni atha kuukwera osapuma. Anafunsa ngati mayiyo akuganiza kuti chipolopolo chingafike pamwambapo. Mayi Nachisale anati iwo sanapite kunja, sangadziwe za mfuti. Chimene akudziwa n'choti mwana amene wayamba kukwawa sabwerera m'mimba.

Mayi Nachisale anapukuta mphika ndi chitenje. Kenaka ananena kuti amayi a mumsika ali ndi pempho laling'ono. Pa tsiku la Kalawe kudzabwera anthu ambiri odzaonerera, ndipo anthu oonerera amamva njala. Bwanji nduna iwalole kudzagulitsira m'bwalo la mfumu tsiku limenelo, pafupi ndi khonde, pamene pali mthunzi?

Ndikanakonda kukuuzani kuti a Kanyambita anavomera chifukwa cha chisoni. Ayi. M'mutu mwawo munabwera chithunzi cha amayi onenepa atakhala mizeremizere kutsogolo kwa mpando uja, madengu ali pamutu, ndipo anaganiza kuti chipolopolo chotopa sichisankha pokhala. Anavomera msangamsanga, nati amayiwo abwere onse, asasiye ngakhale mmodzi, ndipo akhale pafupi kwambiri ndi mpando. Mayi Nachisale anathokoza ndi manja awiri. Zimene zinali m'mutu mwa nduna anaziona bwinobwino, chifukwa munthu wogulitsa miphika amadziwa mng'alu ngakhale wopakidwa utoto.

Tsiku la Kalawe linacha bwino. Alonda a pa geti, amene mwa lamulo anali ndi ndodo zokha, ataona apongozi awo akubwera ndi malichero anatsegula geti n'kugwada moyang'ana khoma. Dzuwa lisanakwere bwalo la mfumu linali litasanduka msika. Usipa anauyanika pa udzu wa maluwa, nkhuku anazimangirira ku mtengo wa mbendera, mandasi akukazingidwa pansi pa zenera la chipinda chogona. Amayi akuluakulu anakhala pa masitepe a khonde, ndipo mayi Nachisale anayala miphika yawo pamapazi penipeni pa mpando wa mfumu.

Mfumu inanena mawu otsegulira mwambo ili m'chipinda cha njerwa kuseri kwa nyumba, mneneri wake akubwereza panja. Inati lero dziko lonse liona kulimba mtima kwa ufumu wa Zilikutali. A Kanyambita anawabweretsa atawagwira mbali zonse ngati mkwatibwi. Anali atavala majekete angapo, ndipo poyenda pamimba pawo pankalira chiwaya chimene anabisa mkatimo ngati chishango. Atakhala pampando anazindikira kulakwa kwa masamu awo. Khonde linali lalitali, amayi anali pansi, ndipo iwo anali pamwamba okhaokha ngati dzungu la padenga.

Tsidya linalo Jenerale Gwedemula anandandalika akatswiri ake pa mzere. Lipenga linalira. Analamula kuti thako paphewa, tsaya pamfuti, diso m'kagalasi.

Kagalasi kaja kanagwira ntchito yake mokhulupirika, monga mmene nduna inalonjezera. Msilikali woyamba atasuzumira, chimene chinabwera pamphuno pake si mpando. Inali nkhope ya apongozi ake, akutafuna nzimbe, akuyang'ana ku Dikirani osaphethira. Chiyambire ukwati wake anali asanaonepo kuti apongozi ake ali ndi kachipsera pachibwano, ndipo sanayenere kukaona. Anatsitsa mfuti, navula chipewa, nagwada kuyang'ana pansi. Wachiwiri anasuzumira nagwada. Wachitatu anayesa kusuntha mpope kuti adumphe apongozi ake, koma anakagwera pa apongozi a mkulu wake, amene ulemu wawo ndi womwewo. Posakhalitsa mzere wonse unali pa maondo, ngati mpingo umene m'busa wake wachedwa.

Jenerale anatukwana mawu amene sindingawalembe. Analanda kabaini ya mnyamata wina, naiika paphewa, nakweza mpope monga anaphunzitsira anzake. Anapeza nsapato zonyezimira za nduna, mtima wake n'kusangalala. Koma pambali pa nsapatozo panali mphika, ndipo pambali pa mphikawo panali mayi Nachisale akukonza duku wawo, maso ali gwa kwa mkamwini wawo. Ena amati anakweza chala chimodzi, ena amati sanasunthe n'komwe. Chimene onse amavomerezana n'choti Jenerale anagwada ndi nyenyezi zake zonse.

Kapitawo wina anapereka nzeru yoti awombe atatsinzina. Jenerale anamuyankha ali chigwadire kuti kutsinzina kukanathandiza asanaone. Tsopano aona, ndipo nawonso aonedwa, nanga madzulo akalowa m'nyumba ya yani?

Ku Musandiyandikire anthu anadikira mpaka mithunzi inatembenuka. Ogula anagula, odya anadya. Mfumu itamva kuti kuli zii inatuma munthu kukafunsa, ndipo itauzidwa zimene zachitika inatuluka pang'onopang'ono, ikuponda mosamala pakati pa usipa. Inayang'ana tsidya lija, n'kuona gulu lake lonse la nkhondo, limene inaliopa chilowere ufumu, lili pa maondo. Inayang'ananso amayi aja. Anthu amene anali pafupi amati aka kanali koyamba kuiona ikupuma mpweya mpaka pansi pa mimba.

Pomwepo inalengeza malamulo atsopano. Msika wa Tilipakati usabwererenso m'chigwa, ukhale m'bwalo la mfumu mpaka kalekale. Amayi azitunga madzi pa mpopi wa mfumu, ndipo wokhometsa msonkho asadzaponde pa phiripo, monga mmene mfuti siipondera. Msilikali aliyense wosakwatira akwatire mwezi usanathe, ndipo akwatire mumsika. Nduna zinawomba m'manja, ndipo Nduna ya Zachipembedzo inati msika wotere ndi yankho la mapemphero.

A Kanyambita anatsetsereka pampando, chiwaya chikulira, nagwada kuthokoza kuti Kalawe watha bwino.

"Watha bwanji?" inafunsa mfumu. "Chikho chadzazidwa, mwachinyamula, koma simunamwe. Kodi imafika kapena siifika? Ine sindinadziwebe. Khalani pampando. Asilikali aziima pa mzere m'mawa uliwonse mpaka tsiku limene adzawombe."

Mmenemo ndi mmene zinthu zilili ku Zilikutali mpaka lero. Mfumu imadandaula za fungo la usipa ndi phokoso la otsatsa malonda, koma imagona tulo tabwino kuposa kale lonse. M'mawa uliwonse lipenga limalira ku Dikirani, asilikali amaika tsaya pamfuti, amasuzumira, amagwada, kenaka amapita kukamwa tiyi. Jenerale sanaiwale za unduna uja, ndipo tsiku lililonse amayamba wafunsa ngati amayi abwera onse.

Amene amafunsa funso limeneli mofulumira kuposa Jenerale ndi a Kanyambita. Amafika pakhonde tambala atangolira kumene, kusesa pamasitepe, kuyala mikeka. Amadziwa mayi amene ali ndi nyamakazi ndi amene mdzukulu wake akudwala, ndipo mankhwala amakagula okha. Unduna wawo ndi woyamba m'mbiri ya ufumuwo kubweretsa jakisoni, ndipo analola kubayidwa oyamba osadandaula. Mayi Nachisale akapita kukatunga madzi, nduna ndiyo imatsala ikuyang'anira miphika, ndipo yaphunzira kuigogoda ndi chala kuti wogula amve kuti ndi yopsa bwino.

Lachinayi lapitali, dzuwa litapendeka, amayi akumanga katundu, a Kanyambita anafunsa monga amachitira masiku onse ngati mawa abwera. Mayi Nachisale anati mawa abwera, koma Loweruka kuli chinkhoswe cha mdzukulu wawo kwa Mtsidyalina, ndipo amayi onse a mumsika aitanidwa. Anati anyamuka m'mamawa, chifukwa ndi kutali.

"Onse, mayi?"

"Onse, bwana nduna. Chinkhoswe sakana."

"Ngakhale mmodzi wotsala? Ngakhale wodwala mwendo uja?"

"Ameneyo ndiye wolangiza mkwatibwi. Tidzamunyamula."

A Kanyambita anayang'ana tsidya lija, kumene timagalasi tinkanyezimira asilikali akutipukuta. Mayi Nachisale anawayang'ana, ndipo poti ndi munthu wachifundo anafunafuna pakati pa katundu wawo. Anasankha mphika waukulu wophikira nyemba, naugogoda kuti amve ngati ndi wabwino, nauika pamiyendo pa nduna.

"Mukadzamva lipenga mudzavale uwu kumutu," anatero. "Koma musadzivute. Munthu wina wophunzira anatiuza kuti chipolopolo chotopa sichipweteka. Chimangogogoda."